Kandege ka Nkhondo Pakhonde pa Chezi: Mafunso ndi Mayankho pa Kupenta ndi Kukalambitsa

Loweruka masana ndimakhala pakhonde, chapafupi ndi msika wa pa Chezi, nditayala nyuzipepala zakale pa katebulo, timabulashi tili m'chitini, kandege kali m'manja. Ana ochokera kuchigayo amaima. Akuluakulu odikira minibasi ya ku Salima kapena ya ku Lilongwe nawonso amasuzumira. Mafunso awo amakhala omwewomwewo, ndiye ndawalemba pamodzi ndi mayankho ake kuti afikenso kwa mnyamata kapena mtsikana wa ku Mvera, ku Dowa Boma kapena ku Ntchisi amene sitingaonane maso ndi maso. Chimene ndikufuna mugwire n'chimodzi: penti wa kandege ayenera kunena zoona za kumene ndege yeniyeniyo yakhala, ndipo maso oonera zoonazo munthu wa kuno ali nawo kale.

Amalume, kandege kameneka n'koseweretsa ana?

Sikoponya m'mwamba ayi. Ndi chifaniziro cha ndege yeniyeni, chochepetsedwa ndi muyeso umodzi kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Muyeso wofala ndi 1/72: sentimita imodzi pa kandege ikuimira masentimita 72 pa ndege yaikulu. Hawker Hunter, yotalika pafupifupi mamita 14, imatuluka masentimita 19. MiG-17 ya mamita 11 imatuluka masentimita 15 ndi kakotsala. Kampani ya Airfix ya ku England ndi imene inatchukitsa tindege ta pulasitiki ta muyeso umenewu m'zaka za m'ma 1950, ndipo lero kulinso Revell, Tamiya, Italeri ndi ena.

Nambala ya 72 muisunge pamtima, chifukwa imalamula ntchito yonse ya bulashi. Mukapaka penti wochindikala theka la milimita, pa ndege yeniyeni ndiye kuti mwamata masentimita atatu ndi theka, ngati thabwa. Katsitsi kamodzi ka bulashi kakamatirira pa phiko, ndi chingwe chomangira mbuzi chimenecho.

Nanga ife amene tilibe m'bale ku Joni wotitumizira bokosi la pulasitiki?

Luso silili m'bokosi. Ana a kuno akhala akupanga magalimoto a mawaya, ndege za mapesi ndi ng'ombe zadothi kuyambira kalekale. Thunthu la kandege mungaseme ndi kachidutswa ka malaina kapena paini kotsala kwa kalipentala, mapiko mungadule ku thabwa lopyapyala, ku chitini kapena ku katoni yolimba, galasi la woyendetsa mungapinde ku botolo la pulasitiki loonekera. Chofunika n'kupeza chojambula cha ndegeyo chooneka chapamwamba, cham'mbali ndi chakutsogolo, n'kugawa miyeso yake ndi 72. Ngati manja sanazolowere tinthu ting'onoting'ono, gawani ndi 48; kandege kamakulirapo ndipo kamagwirika bwino. Zonse zimene ndifotokoze m'munsimu zimagwira pa mtengo, pa chitini ndi pa pulasitiki. Pamene pali kusiyana ndinena.

Ndisankhe ndege iti? Dziko lathu lili nazo za jeti zomenyera nkhondo?

Ayi, sitinakhale nazo. Asilikali athu a mumlengalenga akhala akugwiritsa ntchito mahelikopita ndi ndege zonyamula anthu ndi katundu monga Dornier 228. Dzina limeneli timalitchula ndi chisoni kuyambira pa 10 June 2024, pamene ndege ya mtunduwu inagwa ku Chikangawa n'kupha Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Wofuna kuipanga ngati chikumbutso aipente yoyera bwino, yopanda zipsera.

Za jeti zili kwa anansi athu. Mozambique inali ndi MiG-17 ndi MiG-21. Zambia inali ndi MiG-21 ndipo pambuyo pake inagula K-8 ndi L-15 ku China. Zimbabwe inalandira Hawker Hunter kuchokera ku ulamuliro wa Rhodesia, n'kugula BAE Hawk mu 1982. South Africa inali ndi Mirage F1 ndipo tsopano ili ndi Gripen. Woyamba kumene ayambe ndi MiG-17 kapena Hunter, chifukwa matupi ake ndi osalala, opanda ngodya zambiri. Sankhani ndege imodzi, ya dziko limodzi, ya nthawi imodzi, ndipo musapake mbendera ya Malawi pa MiG, chifukwa pamenepo mwayamba kale kunama.

Bwanji osangopaka mtundu umene ndikufunawo? Penti woyalira ndi wachiyani?

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kandege kopanda penti woyalira kamakongola sabata imodzi, kenako kamayamba kusendeka m'mbali mwa mapiko mmene zala zimagwira. Penti woyalira, amene amisiri amati primer kapena undercoat, ali ndi ntchito zitatu. Yoyamba, amaluma pulasitiki kapena chitsulo, n'kupatsa penti wa pamwamba pogwira. Yachiwiri, amafanizitsa mtundu wa pansi, kuti pamene munamata ndi guluu kapena munatseka mpata pasaonekere. Yachitatu, imene ambiri saidziwa, ndi yoti amaulula zolakwika. Kandege kakangotuwa mbuu paliponse, mpata uliwonse, chikanda chilichonse ndi dontho lililonse la guluu zimaonekera poyera, nthawi yokonza ikadalipo.

Ndege zenizeni nazonso zimayalidwa. Kwa zaka zambiri aluminiyamu wa ndege ankayamba wapakidwa penti wa zinc chromate, wachikasu chobiriwirako, woteteza chitsulo kuti chisadyeke. Mtundu umenewu umaoneka m'zipinda za mateyala a ndege zambiri zakale.

Ndisanayale, ndikonze bwanji?

Apa m'pamene pagona theka la ntchito yonse. Pulasitiki muitsuke m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, ndi mswachi wakale, kuchotsa mafuta a kufakitale ndi a zala zanu. Ikauma musaigwirenso ndi manja amene angodya kumene chipisi kapena mandasi. Bayani kamtengo kumchira, kumene kumatulukira moto, muzigwira pamenepo.

Mtengo umamwa penti ngati mchenga. Ukhuleni ndi sandipepa, kuyamba ndi nambala 220 kumalizira 400, kenako muupake guluu woyera wa akalipentala wosungunula ndi madzi, kapena sanding sealer ngati alipo. Ukauma timaubweya ta mtengo timadzuka. Khulaninso, pakaninso, kawiri kapena katatu, mpaka mizere ya mtengo itazimiririka. Ndege ya jeti siyenera kuoneka ngati mpando.

Chitini muchipukute ndi spiriti n'kuchikanda pang'ono ndi sandipepa kuti chisiye kuterera. Mipata ya pa mtengo itsekeni ndi utuchi wosalala wosakaniza ndi guluu. Ya pa pulasitiki, ndi supaguluu wothira paudala wa ana, koma mukhule msanga asanalimbe kuposa pulasitikiyo.

Woyalirayo akhale wa mtundu wanji?

Wotuwa ndiye wa ntchito zonse. Woyera ndi wa pansi pa chikasu ndi pofiira, chifukwa mitundu iwiriyi siibisa za pansi. Wakuda wonyezimira ndi wa pansi pa siliva: MiG-21 zambiri zinkauluka zili waliwali ngati sefuliya yatsopano, ndipo siliva amawala mozama akakhala pa chakuda chosalala. Red oxide wa mafelemu a mawindo musiyireni ntchito yake, ndi wochindikala kwambiri pa kanthu kakang'ono chonchi.

Ngati mwagula primer wa m'chitini chopopera, wa magalimoto uja, mukhutchumuleni mphindi ziwiri zathunthu. Imani patali masentimita 25 kapena 30, yambani kupopera pambali pa kandege, dutsani, malizirani mbali inayo. Ulendo woyamba kangowazani ngati mame. Dikirani, bwerezani. Mukafuna kumaliza kamodzi, penti amayenderera n'kukwirira timizere tonse ta zitseko ndi misomali.

Penti wa madzi ndi wa mafuta, wabwino ndi uti?

Aliyense ali ndi khalidwe lake. Wa madzi, amene pabotolo amalemba acrylic, amauma m'mphindi 20 kapena 30, sanunkha kwambiri, ndipo bulashi imatsukika ndi madzi. Vuto lake ndi loti sagwira pulasitiki yosayalidwa. Wa mafuta, enamel, monga timazitini ta Humbrol kapena gloss wa m'sitolo za hardware, amayala bwino ndi bulashi ndipo amalimba, koma amafuna maola 6 kuti agwirike ndi tsiku lathunthu musanapakenso wina.

Chenjerani ndi thina. Ine kandege kanga koyamba ka pulasitiki, kamene achimwene anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg, ndinakaononga ndi thina wa magalimoto amene ndinagula osafunsa. Nditapukuta phiko, pulasitiki inafewa n'kukhala makwinyamakwinya, ndipo sinabwererenso. Safunsa anadya phula. Enamel amasungunulidwa ndi tepentaini kapena white spirit. Chilichonse chatsopano yambani mwachiyesa pa supuni ya pulasitiki kapena pa timitengo timene zidutswa zimabwera zitalumikizidwako.

Ndilibe airbrush, kachipangizo kopopera penti. Bulashi wamba ingathe?

Ingathe, bola musungunule penti. Akhale ngati mkaka wa ng'ombe, asakhale ngati phala. Gulani bulashi yofewa yaphwatalala ya malo aakulu ndi ina yosongoka ya tinthu tating'ono. Ulendo woyamba kandege kadzaoneka konyansa, ka mizeremizere, ndipo mtima udzafuna kubwerezapo pomwepo. Musatero. Penti wa madzi akayamba kuuma, bulashi imamukoka n'kusiya zikanda. Siyani aume, pakani ulendo wachiwiri mopingasa woyambawo, wachitatu motsata thunthu kuchokera kumphuno kupita kumchira. Maulendo atatu opyapyala amaposa umodzi wochindikala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chifukwa chiyani zina n'zamawangamawanga, zina zotuwa, zina zasiliva?

Mtundu umatsata ntchito. Ndege zouluka m'munsi kukaponya mabomba zimabisala kwa woziona ali pamwamba, ndiye msana wake umafanana ndi tchire. N'chifukwa chake Hunter za ku Zimbabwe zinali za mawanga obiriwira ndi ofiirira ngati dothi. Mimba ya ndege zambiri imakhala ya buluu woyererako kapena yotuwa, kuti woyang'ana ali pansi aisokoneze ndi thambo. Zomenyana m'mwamba kwambiri masiku ano zimangokhala zotuwa, chifukwa utoto wotuwa umasowa msanga m'chifunga cha patali.

Chifunga chimenecho mumachidziwa. Imani pa Chezi mwezi wa September muyang'ane mapiri: lapafupi ndi lakuda bii, lakutali ndi lotuwa. Mpweya wa pakati umasulutsa mtundu. Kandege ka 1/72 mukakayang'ana patali theka la mita, zili ngati mukuona ndege yeniyeni patali mamita 36. Choncho thirani kadontho ka penti woyera mu mtundu uliwonse, ndipo mateyala musawapente akuda bii koma akuda motuwira.

Mawangawo ndiwadule bwanji kuti asalowererane?

Yambani ndi mtundu wowala, malizirani wakuda. Pakani mimba, iume tsiku lonse, itsekeni ndi masking tape. Pakani msana wonse ndi mtundu wa dothi. Ukauma jambulani malire a mawanga ndi pensulo mopepuka, mukuyang'ana chithunzi, kenako dzazani obiriwirawo. Tepi musanaimate pa kandege imateni kaye pa nsalu yoyera kamodzi kapena kawiri kuti ichepe mphamvu, ingadzazule penti. Bulashi iziyenda kuchokera pa tepi kupita kunja. Mukaiyendetsa molimbana ndi m'mphepete mwa tepi, penti amalowa pansi. Galasi la woyendetsa litsekeni lonse, musiye timafelemu tokha, ndipo supaguluu asayandikire pamenepo chifukwa nthunzi yake imayeretsa galasi.

Nyengo ya kuno imasokoneza?

Kwambiri. M'miyezi ya June ndi July mapiri a Dowa ndi Ntchisi amazizira, mwera ukuwomba, ndipo penti amachedwa kuuma; pentani dzuwa litakwera, osati m'mamawa. Kuyambira August mpaka October mdani ndi fumbi: kamvulumvulu mmodzi wochokera kumsewu akhoza kuononga ntchito ya sabata. Wazani madzi pansi musanayambe, ndipo mukamaliza vindikirani kandege ndi beseni loyera, mutalitukula ndi timiyala kuti mpweya uzilowa. M'dzinja chinyezi chimachititsa vanishi kuyera ngati nkhungu, ndiye dikirani tsiku loti kwacha bwino. Musaumitse kandege padzuwa la October chifukwa mapiko a pulasitiki amapindika, ndipo musakayandikize pa mbaula.

Zizindikiro ndi manambala ndimata bwanji kuti zisaoneke ngati sitampa?

Timapepala ta zizindikiro ta m'bokosi timafuna malo osalala. Penti wosawala, mukanamuona ndi galasi lokulitsa, ali ngati msewu wa miyala. Kapepala kakakhala pamwamba, mpweya umatsalira pansi n'kumawala ngati siliva. Choncho yambani mwapaka vanishi wonyezimira. Dulani chizindikiro chimodzi, viikani m'madzi ofunda masekondi ochepa, chisiyeni pa nsalu mpaka chitayamba kutsetsereka, chikankhireni pamalo pake ndi bulashi yonyowa, finyani madzi ndi kathonje. Zikauma pakaninso vanishi. Amene mwasema nokha kandege, dulani chibowo cha chizindikirocho pa tepi ndi lezala, matani, dindani penti ndi kasiponji kouma pang'ono.

Mwavutika kukongoletsa, ndiye mukufunanso kudetsa? Kukalambitsa n'kwachiyani?

Funso limeneli ndi limene ndimalikonda. Kandege kongopentedwa kumene kamaoneka ngati chidole, chifukwa m'dziko muno mulibe chinthu chogwira ntchito chimene chili ndi mtundu umodzi see. Ndege imene yakhala zaka pabwalo la Thornhill ku Gweru kapena ku Beira yapsa ndi dzuwa, yapondedwa ndi nsapato za amakanika, yadontha mafuta, yamwa fumbi. Kukalambitsa ndi kulemba mbiri imeneyo pa thupi lake.

Aphunzitsi ake ali pa Chezi pompano. Yang'anani kumbuyo kwa minibasi: mwaye uli pamwamba pa paipi ya utsi, wakuda pafupi, wopepuka patali. Yang'anani chitseko chake: penti wasendeka pamene kondakitala amamenya ndi dzanja, osati paliponse. Yang'anani denga lake mmene lasulukira kuposa m'mbali. Yang'anani njinga yamoto ya kabaza: paipi yake pafupi ndi injini yasanduka yagolide, yofiirira, ya buluu chifukwa cha kutentha. Mitundu yomweyo ndi imene ili kumchira kwa jeti. Chilichonse chili ndi chochititsa ndiponso malo ake. Musanaike banga dzifunseni: labwera ndi chiyani?

Ndiye ndipake dzimbiri ngati la malata?

Ayi, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya. Khungu la ndege zimenezi ndi aluminiyamu. Taonani kukhitchini: khasu likagona panja limachita dzimbiri lofiira, koma sefuliya ya aluminiyamu ngakhale ikalambe bwanji imangotuwa ndi kuda kunsi. Penti wa ndege akasendeka, pansi pamaoneka siliva kapena kachikasu ka woyalira uja.

Zoyenera kuika ndi izi. Kusuluka kwa dzuwa pamsana ndi pamwamba pa mapiko. Mwaye kukamwa kwa mfuti: Hunter inali ndi mizinga inayi ya mamilimita 30 pansi pa mphuno, MiG-17 inali ndi umodzi wa mamilimita 37 ndi iwiri ya 23. Timizere ta mafuta kumimba, kumbuyo kwa zitseko za injini ndi za mateyala. Kuperepeseka pamene woyendetsa amakwerera ndi pamene amakanika amaponda, patsinde pa phiko. Fumbi pa mateyala. Ndipo kumbukirani mphepo: ndege ikamauluka, chilichonse chodontha chimakokedwa kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Mzere wa mafuta wopingasa phiko ndi bodza.

Ndigwiritse chiyani, ndipo ndiyambe ndi chiti?

Yambani ndi msuzi. Uyu ndi penti wakuda mofiirira wosungunuka kwambiri, ngati tiyi wopanda mkaka. Lamulo lake ndi loti asakhale wa mtundu umodzi ndi penti wa pansi, angamusungunule. Ngati munapenta ndi wa madzi n'kutseka ndi vanishi wa madzi, msuzi ukhale wa enamel ndi white spirit. Ngati munapenta ndi enamel, msuzi ukhale wa penti wa madzi wa ana asukulu, wothira kadontho ka sopo. Gunditsani nsonga ya bulashi pa mzere wa chitseko, msuzi uyenda wokha. Ukayamba kuuma pukutani wotsala ndi kansalu konyowa pang'ono, kuchokera kumphuno kupita kumchira. Pa kandege kosema, mizereyo jambulani ndi pensulo yosongoka ndi rula.

Kenako kusendeka. Ng'ambani kasiponji kakang'ono ngati njere ya chimanga, kaviikeni mu siliva, kadindeni pa nyuzipepala mpaka katatsala pang'ono kuuma, ndiye gundani kutsogolo kwa mapiko ndi pokwerera. Musaiwale 72 uja: kabanga ka milimita imodzi ndi chilonda cha masentimita 7.

Tsopano tsekani ndi vanishi wosawala, chifukwa ufa sugwira posalala. Ufawo muli nawo kale. Makala operapera, kapena mwaye wa koloboyi, ndi utsi wa mfuti ndi wa injini. Katondo wouma, wosefa pa nsalu, wosakaniza ndi choko choyera, ndi fumbi la mateyala. Choko chotuwa kapena chachikasu, chopala ndi lezala, ndi kusuluka kwa pamsana. Chitikiteni pakati pa chigawo chilichonse cha phiko, m'mbali musiye. Mtima wa pensulo woperapera, wotikita ndi chala kumchira, umatulutsa kuwala kwa chitsulo chopsa. Tapani pang'ono ndi bulashi youma, kunthani, pakani, uzirani.

Ndidziwa bwanji kuti pakwana?

Ndi mchere wa m'ndiwo: kuwonjezera n'kosavuta, kuchotsa n'kovuta. Mukaika pang'ono, tambasulani mkono muyang'ane kandege patali, chithunzi cha ndege yeniyeni chili pambali. Ngati diso likuyamba kuona litsiro lisanaone ndege, mwapyola. Ndege ya nkhondo ili ndi anthu oisamala tsiku ndi tsiku, chifukwa moyo wa woyendetsa uli m'manja mwawo. Amaipukuta, amaipentanso pamene yasendeka, mwina ndi penti wosiyanako pang'ono. Kachigamba kotero kamodzi kamanena zambiri kuposa mwaye wa thupi lonse. Ine ndikaona kuti mwina patsala pang'ono, ndimasiya, ndimagona, ndimadzayang'ananso m'mawa. Kawirikawiri ndimapeza kuti panakwana kale.

Ndikalakwitsa, ndiye kuti katayika?

Ayi. Dontho loyenderera lisiyeni liume kwathunthu, likhuleni ndi sandipepa wa nambala 800 kapena 1000 wonyowetsa, pakaninso. Penti wa madzi wambiri amachoka ndi spiriti ndi mswachi. Ufa wochuluka umachoka ndi kathonje konyowa ngati simunautseke ndi vanishi. Kandege koyamba musakataye ngakhale kaipe; kasandutseni koyeserapo, ndipo mukadzapanga kachisanu mudzakaike pambali muone mtunda umene mwayenda.

Kodi mankhwala amenewa saononga thupi?

Akhoza kuononga. Popopera ndi posungunula enamel khalani panja kapena pakhonde, mphepo izichotsa fungo kumaso kwanu. Thina, spiriti ndi zitini zopopera zimayaka; zikhale kutali ndi moto ndi fodya. Musasongole bulashi ndi milomo. Pokhula penti nyowetsani sandipepa kuti fumbi lisalowe m'chifuwa. Ndipo chonde makolo, thina kapena palafini musamusunge m'botolo la zakumwa pamene mwana angafikire, chifukwa mwana akaona botolo lotero amangomwa. Ana aang'ono apatseni penti wa madzi, lezala agwire wamkulu.

Kupanga ndege za nkhondo si kulimbikitsa nkhondo? Nanga si mlandu?

Kusema ndi kupenta kandege si mlandu. Chimene simuyenera kuchita ndi kukajambula zithunzi kumalo a asilikali, monga ku Mvera kapena ku MAFCO ku Salima, popanda chilolezo. Zithunzi zofufuzira zili m'mabuku ndi pa intaneti.

Funso loyambalo ndi lolemera, ndipo ndimalilemekeza. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inathamangitsira kuno anthu pafupifupi miliyoni imodzi. M'boma lathu lomwe lino, ku Dzaleka, kuyambira 1994 kukukhala anthu othawa nkhondo, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Kwa ena mwa iwo kulira kwa jeti si nkhani ya pa tebulo. N'chifukwa chake mwana akandifunsa za mwaye wa pa mphuno ya Hunter ndimamuuza zoona: mfutiyo inawombera, ndipo kumene inaloza kunali anthu. Kandege kopentedwa moona kamatsegula nkhani imeneyi. Amene mtima wake sukulola, apange ndege yonyamula anthu ngati zimene zimatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Luso lake ndi lomweli.

Phindu lake n'chiyani? Kandege sikadyedwa.

Zoona, sikadyedwa. Koma mwana amene wagawa mamita 14 ndi 72 kuti adule thabwa sadzaiwalanso masamu ogawa. Amene waphunzira kutsuka, kukhula, kuyala, kupenta mopyapyala ndi kudikira wagwira kale maziko a ntchito yopopera magalimoto, yopenta nyumba ndi yolemba zikwangwani, ntchito zimene anthu amadyera. William Kamkwamba, wobadwira m'boma lino la Dowa, anayamba ndi zithunzi za m'buku ndi zitsulo zotayidwa mpaka anapanga makina a mphepo opangira magetsi kwawo ku Wimbe, ku Kasungu. Mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, kumene achinyamata amaphunzira kupanga ndi kuulutsa ma drone. Manja amene amafunika kumeneko ndi odekha, oyesa kawiri asanadule. Manja otero amakulira pakhonde.

Chabwino amalume, mawa ndiyambire pati?

Musayambe ndi kugula. Tengani supuni zitatu za pulasitiki. Yoyamba ipenteni osatsuka, osayala. Yachiwiri itsukeni, iyaleni, ipenteni kamodzi mochindikala. Yachitatu itsukeni, iyaleni, ipenteni katatu mopyapyala. Pakatha masiku awiri zikandeni ndi chikhadabo, ndipo zimene ndanena pano mudzaziona nokha. Kenako tengani kope ndi pensulo, mukakhale pa siteji ya pa Chezi ola limodzi. Sankhani minibasi imodzi, mujambule pamene pali mwaye, pamene pasendeka, pamene pasuluka, pamene fumbi lakhazikika, ndipo pambali pa banga lililonse mulembe chimene chalibweretsa. Loweruka mubwere nalo kopelo pakhonde. Bulashi ndikubwerekani.